Lachitatu, tsiku lokatenga mapepala a moko ku TDC

Mvula inagwa usiku wonse, moti nditadzuka ndinaima kaye pakhomo kuganiza ngati ndipite kapena nditumize uthenga wopepesa. Mayi a ana ndiwo anandikankha. "Bambo, mukapanda kupita, ana anu a Sitandade 8 alemba chiyani Lolemba?" Anandikulungira dowe awiri owotcha m'pepala, ndinamanga thumba la feteleza lopanda kanthu pakaliyala, ulendo unayambika.

Kuchoka pasukulu pathu kukafika ku TDC (Teacher Development Centre, malo okumanirako aphunzitsi a masukulu a m'dera lathu) ndi maola awiri panjinga kukakhala kouma. Lero ndinatha atatu. Pamtsinje ndinavula nsapato, kupinda buluku mpaka m'ntchafu, njinga paphewa. Mnyamata wina wakabaza amene ndinamuphunzitsa kalekale anandipeza pakati pamadzi, nandilanda njinga ija. "A hedi, mugwa nayo iyi, tapatseni kuno." Masamu ankamuvuta kwambiri mwana ameneyu, koma mtsinje amaudziwa ngati chikhatho chake.

Kwa amene si aphunzitsi: masukulu a pulayimale anagawidwa m'mazoni, ndipo zoni iliyonse ili ndi likulu lake, TDC, kumene kumakhala mlangizi wa maphunziro amene tonse timangoti a PEA. Pamwamba pawo pali ofesi ya maphunziro ya kuboma, ndipo maboma nawo ali m'zigawo zisanu ndi chimodzi. Chathu ndi Central East, chimene ofesi yake ili ku Kasungu ndipo chimakhudza Kasungu, Nkhotakota, Ntchisi, Dowa ndi Salima. Koma kwa ife akumudzi kuno, boma limene timaliona ndi maso ndi holo ya TDC, mabenchi ake, shelufu ya mabuku ndi makina amodzi a fotokope.

Ine ndinalowa uphunzitsi pa chigumula cha 1994, pamene sukulu ya pulayimale inakhala yaulere ndipo ana anachuluka kuchoka pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Anatilemba ntchito tilibe maphunziro a uphunzitsi, kutipatsa choko n'kutiloza kalasi ya pansi pa mtengo. Pambuyo pake tinadzaphunzira kudzera mu MIITEP, pulogalamu yophunzitsa aphunzitsi ali kale pantchito: miyezi yochepa kukoleji, nthawi yotsalayo tikuphunzitsa uku tikukumana kuzoni. Ma TDC anayamba kumangidwa m'zaka zomwezo, kumapeto kwa ma 1990. Choncho ndikalowa m'holo ija sindilowa ngati mlendo. Kulemba sikimu ndinakuphunzirira momwemo.

Ndinapeza anzanga atakhala kale, mahedi a masukulu onse a m'zoni kupatula awiri a kutsidya amene madzi anawatsekereza. A PEA anandiyang'ana matope a m'miyendo n'kungoseka. "Mwafika, aphunzitsi? Khalani, nkhani ya ndalama sitinaiyambe, timadikira inu." Holo yonse inaseka, chifukwa akudziwa kuti pankhani imeneyi ine sindikhala chete.

Nkhani yake ndi iyi. Mayeso a moko, aja oyeserera, timakonza limodzi monga zoni, kuti ana azolowere asanakumane ndi PSLCE, mayeso omaliza pulayimale a bungwe la mayeso la MANEB. Mafunso amalemba aphunzitsi osankhidwa m'masukulu osiyanasiyana: wa Masamu kuno, wa Sayansi uko, wa Chichewa kwina. Pasukulu pathu tilipo aphunzitsi asanu ndi awiri pa makalasi asanu ndi atatu, ndipo palibe amene angakhale pansi n'kulemba mapepala onse asanu ndi limodzi mwaluso. Tikanakhala tokha tikanalemba mafunso pabolodi, ana n'kumakopera, ndipo mwana akanadzaona pepala losindikiza koyamba tsiku la mayeso enieni, manja akunjenjemera. Kuchonganso timachongera pamodzi, mphunzitsi osagwira mapepala a sukulu yake. Apa ndi pamene umaona zoona. Mwana amene kwanu umamutcha katswiri amapezeka ali pakatikati akayerekezedwa ndi anzake a m'zoni yonse.

Koma mapepala ndi inki sizigwa kumwamba. Sukulu iliyonse imasonkha. Ndiye a hedi a sukulu yaikulu ya patauni yathu yaing'ono ija anaimirira n'kunena kuti tisonkhe mofanana, popeza makina ndi a tonse. Ndinakweza mkono. Ndinati, akuluakulu, inu muli ndi ana odzaza makalasi atatu a Sitandade 8, ine ndili ndi 41. Inki imene imathera pa ana anu, ine ndilipirenji mofanana nanu? Komanso inu mumabwera kuno wapansi, mphindi zisanu, ine ndawoloka mtsinje. Iwo anayankha kuti makina akawonongeka ndi iwo amene amathamanga kukafuna wokonza, usiku ndi mlonda wawo amene amalondera, ndipo palibe amawabwezera. Kunena zoona, pamenepo anali ndi mfundo, ngakhale sindinawavomereze pagulu.

Tinakangana mpaka dzuwa pamutu. Mayi wina, hedi wa sukulu ya kuphiri, amene nthawi zambiri samayankhula, ndi amene anatimasula. Anati za mapepala ndi inki tiziwerengera mutu wa mwana, koma zokonzetsera makina tizisonkha mofanana. A PEA analemba m'buku, tonse tinasaina. Ndinadya dowe wanga mmodzi, winayo ndinawapatsa a hedi a patauni aja kuti mtima ukhale pansi.

Masana makina anayamba ntchito, ndipo atafika papepala la Sayansi magetsi anathima. Tinadikira. Wina anapita kukabwereka jenereta kwa mwini vidiyo sho, mafuta tinasonkha a m'matumba mwathu. Ndalama ya thandizo la sukulu ija, imene timaitcha SIG, chaka chino sinafike, ndiye aliyense ankatulutsa chikwama akung'ung'udza.

Nthawi yodikirayi ndi imene inandipindulira kuposa zonse. Ndinakhala pakhonde ndi mphunzitsi wa ana olumala, amene anaphunzira kukoleji ya Montfort, ku Chiradzulu. Ndi mmodzi yekha m'zoni yonse, ndipo amazungulira sukulu ndi sukulu. Kwathu anafika kawiri teremu yatha. Ulendo woyamba anaona mtsikana wa Sitandade 5 amene tonse tinkamuyesa waulesi, chifukwa kope lake linkakhala loyera pamene anzake adzaza tsamba. Anamuitana, n'kulemba chilembo chachikulu papepala, n'kumabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono. Atangoyenda mapazi anayi mwana anati sakuona kanthu. Zaka zisanu ali pasukulu pathu, ife osadziwa kuti bolodi saliona. Tinamusamutsira kutsogolo, makolo anapita naye kuchipatala. Lero mphunzitsi uja anandipatsa masamba a buku la Chingerezi amene anawakulitsa pamakina omwe aja, zilembo zonenepa ngati nyemba. Anati, "A hedi, mukampatse, ndipo azikhala cha kuwindo, osati pakona." Sukulu ngati yathu singalote zokhala ndi mphunzitsi wotere wakewake. Komabe mtima umandiwawa, chifukwa kawiri pateremu n'kochepa, ndipo mvula ikayamba masukulu a kutsidya samuona n'komwe.

Mlamu wanga amaphunzitsa pa CDSS ina, ndipo akuti kusekondale nakonso ndi chimodzimodzi: masukulu oyandikana ali m'magulu otchedwa klasita, amalemba moko limodzi, ndipo amene alibe labu amatenga ana kukaona zipangizo kwa anzawo. Iye amadandaula za mtunda ngati ine.

Tisanabalalike a PEA anatsegula sitolo n'kutigawira mabuku a Sitandade 2 amene anafika sabata yatha, aja olembedwa ku MIE, bungwe lokonza mabuku a sukulu, ku Domasi. Galimoto imathera pa TDC pomwepo. Kuchoka apo aliyense aone yekha. A patauni anaitana ana anayi, mabuku pamutu, basi afika. Ine ndinasainira makatoni atatu n'kuwasiya momwemo, ndidzatuma a komiti ya sukulu ndi ngolo msewu ukauma. A PEA analonjeza kudzaonerera makalasi athu mwezi uno ngati njinga yamoto ipeza mafuta. Ndinawauza kuti akabwera adzadya nkhuku.

Mapepala a moko ndinawakulunga m'pulasitiki kawiri, kuwalowetsa m'thumba la feteleza lija, n'kumanga ndi mphira. Pamtsinje madzi anali atatsika pang'ono, koma thumba ndinalisenza pamutu, njinga ndinaibwerera ulendo wachiwiri. Ndafika kuli mdima. Mapepala ndawakhomera m'kabati ya muofesi, kiyi ali pansi pa pilo. Nditawerenga ndapeza kuti a Masamu alipo 40, ana ndi 41. Ndawatumizira uthenga a PEA pa WhatsApp, koma netiweki kuno mpaka ukwere pachulu, ndiye uthengawo ukadali ndi kawotchi pambali.