Chigwa Chimene Ndimaona Ndikaima pa Emperor's View

Loweruka lapitali ndinakweranso phiri la Zomba, ndipo monga mwa chizolowezi changa ndinakathera pa Emperor's View, malo amene anapatsidwa dzinali pokumbukira Haile Selassie, mfumu ya ku Ethiopia, yemwe anafika pamenepa mu 1965. Kunja kunayera bwino, kotero kuti nyanja ya Chilwa inkanyezimira chakum'mawa, chilumba cha Chisi chili mkati mwake, ndipo phiri la Mulanje linkaonekera patali ngati linga.

Alendo ambiri amajambula zithunzi n'kupitirira ku Queen's View, malo ena oonerapo patali paphiri lomweli, koma ine maso anga amakakamira m'chigwamo, chifukwa m'zaka za m'ma 1800 dera limeneli linali malire olimbirana maulamuliro. Pamene David Livingstone anafika pa nyanja ya Chilwa mu 1859, amalonda a minyanga ndi akapolo anali akudutsa kale m'derali polowera kugombe la nyanja ya mchere, ndipo mabanja ambiri a Amang'anja ankasiya minda yawo n'kukabisala m'mapiri. Azungu a ku Britain anakonda Zomba chifukwa cha mphepo yozizira ndi madzi a mtsinje wa Mulunguzi, komabe chinawakopa kwambiri n'chakuti pano ankatha kuyang'anira njira za amalonda aja. Nyumba ya kazembe wawo inamangidwa m'munsi mwa phirili mu 1886, ndipo mu 1891 Harry Johnston, mtsogoleri wa atsamunda a ku Britain m'dziko muno, anakhazikitsa boma lake pano, likulu limene linadzasamukira ku Lilongwe mu 1975.

Chimene chimandikhudza kwambiri ndi nkhani ya mfumu Kawinga ya Ayao, imene inali ndi malinga ake m'mapiri a Chikala, kumpoto kwa Chilwa. Mu 1895 asilikali a Johnston, kuphatikizapo Asikh ochokera ku India, anaigonjetsa, ndipo mphamvu za mafumu ogulitsa akapolo zinatha m'dera lino. Ndikuyamikira ndi mtima wonse kuti malonda oipawo anatha, koma sindingabise kuti boma lomwelo ndi limene linabweretsa msonkho wa nyumba, umene unakankhira makolo athu ku thangata m'minda ya azungu. Malemu agogo anga ankatchula mawu akuti thangata motsitsa mawu, ngakhale atakalamba.

Mbali ya kumadzulo kwa phirili kuli Dzenje la Chingwe, limene akuluakulu amati mafumu akale ankaponyamo adani awo, ndipo munthu ukaima pafupi nalo umaona chigwa cha Shire chitatambalala pansi. Ndinafikako dzuwa litapendeka, ndili ndi mwana wa mchemwali wanga, yemwe ali mu Fomu 2. Iye ankamudziwa bwino Haile Selassie, koma dzina la Kawinga anali kulimva koyamba, choncho potsika, titagula mabulosi kwa ana ogulitsa pafupi ndi hotela ya Ku Chawe, tinakhala pamwala ndipo ndinayamba kumufotokozera za Chikala.