Makina otsegula makalata kuntchito kwathu

Ndimagwira ntchito m'chipinda cholandirira makalata pakampani ina ya inshuwalansi kuno ku Leeds. Lolemba m'mawa matumba amabwera odzaza thothotho, ndipo kutsegula envulopu imodziimodzi ndi kampeni kumatupitsa zala.

Makina athu ndi a Omation, opangidwa ndi kampani ya OPEX ya ku New Jersey. Umaunjika maenvulopu pakhomo pake, lamba n'kumakoka imodziimodzi, kenako kampeni kozungulira kamapala m'mphepete pang'ono chabe. Zotsala ndi tinyenyeswa tonga gaga timene timagwera m'kabokosi pansi. Ndimawakondera pamenepa. Makina ena ocheka ndi lumo amadula kamzere kathunthu ka pepala, ndipo nthawi zina amadulira kumodzi cheke cha mwiniwake.

Komabe amafuna kusamalidwa. Ndisanaike mulu, ndimaugogoda patebulo kuti zam'kati zitsikire kutali ndi mbali yopalidwayo. Envulopu yonenepa, kapena imene muli kiyi, ndimaipatula n'kutsegula pamanja chifukwa chitsulo chimabunthitsa mpeni. Yolembedwa kuti ndi yachinsinsi siilowa n'komwe m'makinamo, imapita kwa mwini wake ili yomata.