Kutsukitsa zithunzi za chinkhoswe kwandidyera ndalama kawiri

Ngati abale akupatsani ntchito yojambula pa mwambo chifukwa choti foni yanu ndi yabwinoko, imvani izi musanakatsukitse zithunzizo. Potumiza ku studio, tumizani ngati Document, chifukwa mukatero WhatsApp siifinya chithunzi. Pa WhatsApp dinani kachizindikiro kotumizira zinthu kaja, musankhe Document, osati Gallery. Kapena muziike mu flash mupite nazo pamanja.

Ine ndinajambula chinkhoswe cha mng'ono wanga, ndipo amayi ankafuna chithunzi chachikulu cha A4 chopachika pabalaza. Mnyamata wa pa studio ina m'tauni muno anangoti, "Asisi, ingoponyani pa WhatsApp, nambala ndi iyi." Ndinamufunsa ngati sizionongeka, iye amvekere, "Timapanga daily izi." Nditapita kukatenga, nkhope ya mkwatibwi inali mbuu, maluwa a pa chitenje chake atasanduka timabokosi. Kenako akuti vuto ndi foni yanga! Foni yomwe imajambula ma pixel (timadontho topanga chithunzi) 4000 kwa 3000. WhatsApp ikamatumiza chithunzi mwa nthawi zonse imachifinya, mbali yaitali n'kutsala pafupifupi 1600, pamene A4 kuti ituluke bwino pa 300 dpi (timadontho 300 pa inchi iliyonse) imafuna 2480 kwa 3508. Munthu amene ntchito yake ndi yomweyi sangalephere kudziwa zimenezi. Ndalama anakana kubweza, ati pepala ndi inki zapita kale. Bwana wake nayenso tsiku lonse "akubwera", ine ndili pabenchi mpaka kuweruka.

Za kajambulidwe, choyamba pukutani kagalasi ka kamera. Pa chinkhoswe manja amakhala a mafuta a nkhuku, ndiye chithunzi chimatuluka ngati mwajambulira mu utsi wa kukhitchini. Zoom yokoka ndi zala ija isiyeni, imangotambasula chithunzi n'kuchiphwanya. Yendani ndi miyendo mufike pafupi, ngakhale pa perekaniperekani anthu akukankhana. Mu settings ya kamera yatsani grid, timizere tija timathandiza kuti tenti ndi khoma zisapendekeke.

Dzuwa ndiye linandivutitsa. Mwambo unafika pachimake masana, dzuwa lili paliwombo, maso a anthu n'kumangooneka maenje akuda. Ndinkawakokera mumthunzi wa mtengo wa mango, kapena m'mphepete mwa tenti, kuwala kuzichokera kumbuyo kwanga. Munthu akaima chofulatira dzuwa kapena windo, foni imayeza kuwala kwa kumbuyoko, iye n'kuda bii. Dinani pankhope yake pa screen, kenako kokerani m'mwamba pang'ono kadzuwa kamene kamatulukako. Pang'ono pokha, chifukwa malaya oyera a ankhoswe amayamba kuthobwa m'maso. Zithunzi zabwino kwambiri ndinazijambula cha m'ma 4 koloko, dzuwa litapendeka.

Ndaiwala china cha ku studio kuja. Zithunzi zing'onozing'ono za mainchi 6x4 anadula nazo mitu. Poyerekeza mulitali ndi mulifupi, foni imajambula 4:3 pomwe pepala la 6x4 ndi 3:2, ndiye makina amadula m'mwamba ndi m'munsi mwa chithunzi chopingasa. Duku ya azakhali inapita yonse, agogo aamuna anatsala opanda chipewa. Choncho pojambula siyani mpata pamwamba pa mitu, ndipo dulani nokha pa 3:2 musanapereke, muone chimene chikutayika.

Kukonza ndinakonzera mu Snapseed, app yokonzera zithunzi ya Google, yaulere. Mu Tune Image ndinakweza Shadows kuti nkhope zioneke, n'kutsitsa Highlights kuti zoyera zisapse. Saturation, yokoleza mitundu, musaikhudze kwambiri, khungu limasanduka lofiira ngati munthu wadzola. Healing inandichotsera botolo la Fanta lomwe linali pamapazi pa mkwati. Mafyuluta oyeretsa khungu aja ayi, apongozi angadzafunse kuti mkazi ali pachithunziyu ndani. Posunga, mu settings ikani kuti isachepetse kukula kwa chithunzi, ndipo choyambirira musachifufute.

Ulendo wachiwiri ndinapita ku studio ina, flash m'manja. Ndinawauza atsuke kamodzi kakang'ono kaye ndione, chifukwa papepala zithunzi zimatuluka zakudako kusiyana ndi pa screen. Kanatulukadi kodera, tinawalitsa pang'ono, kenako A4 ija. Wina akakuuzani kuti ingoponyani pa WhatsApp, ponyani ngati Document, ndipo muime pomwepo mpaka atsegule pa kompyuta, muone ma pixel ake ndi maso anu asanadine print.