Lipoti la ulendo wa ku Blantyre: momwe anzathu amaikira mtengo pa makobidi akale

Tinanyamuka ku Lilongwe m'mamawa wa Loweruka, anthu asanu ndi awiri, aliyense ndi kathumba kake ka makobidi, kukacheza ndi anzathu osonkhanitsa ndalama zakale a ku Blantyre. Za m'njira palibe zoti n'kulemba. Nkhani ili pa tebulo lomwe anatikonzera: nsalu yofewa yoyala, sikelo yaing'ono yowerenga mpaka magalamu 0.01, galasi lokulitsa kakhumi, maginito ndi nyali imodzi. Tisanamasule n'komwe matumba anatiuza kuti khobidi limagwiridwa m'mphepete, chifukwa thukuta la chala limadya mkuwa ndipo chidindo chake sichichoka.

Tinayamba ndi kuyala makobidi motsatira nthawi. Kumanzere kunapita a ku Britain ndi a Southern Rhodesia, omwe ankayenda kuno dziko lisanakhale ndi ndalama yakeyake. Kenako a chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, oyambira mu 1955: peni yoboola pakati ya njovu ziwiri, tiki, sikisi, sheleni. Motsatira anabwera a 1964 a nkhope ya Kamuzu Banda, sikisi ya tambala, sheleni ya chimanga, khobidi la masheleni awiri la njovu ndi hafu koloni (masheleni awiri ndi theka). Kumapeto kunakhala a tambala oyambira mu 1971, pomwe paundi imodzi inasanduka makwacha awiri, mpaka K5 ndi K10 za zitsulo ziwiri zolembedwa 2006.

Apa m'pomwe ambiri tinagwa mphwayi. Makobidi amene tinkawaona ngati chuma, makamaka mapeni oboola, anali mulu pa tebulo lonse. Anzathuwo anati ukalamba wokha sugula kanthu. Mtengo umachokera pa kuchuluka kwa makobidi omwe anasulidwa chaka chimenecho, pa momwe khobidilo lasungikira, pa chitsulo chake, ndiponso ngati pali anthu olifuna. Peni ya chitaganya inasulidwa yambirimbiri ndipo pafupifupi mudzi uliwonse uli nayo m'kachitini ka agogo. Mphekesera zija zoti kwabwera munthu wogula peni yoboola ndi mamiliyoni anaziseka. Amati wobwera ndi nkhani yotere nthawi zambiri amayamba wapempha ndalama yoti "akayezetse" khobidilo, basi osaonekanso.

Nthawi yaitali tinathera pa kuyang'ana kutha kwa khobidi, ndipo m'pake, chifukwa makobidi awiri a chaka chimodzi akhoza kusiyana mtengo kutali kwambiri pa chifukwa chimenechi chokha. Umaligwira pansi pa nyali imodzi, n'kumalipendeketsa pang'onopang'ono. Malo otukuka ndiwo amayamba kutha: pa nkhope ya Kamuzu ndi tsaya, khutu ndi tsitsi, pa sikisi ndi nthenga za tambala, pa sheleni ndi njere za chimanga. Anatiikira masheleni a chimanga a 1964 awiri pafupi. Pa ina njere zinkawerengeka imodziimodzi, ndipo kuwala kwake kunkazungulira ngati masipokosi a njinga ukaipendeketsa. Pa inayo chimanga chinali chitasalala ngati sopo wotha. Kuwala kozungulirako kumabwera posula, ndipo kukachoka palibe mankhwala okubwezeretsa.

Magiredi (manambala osonyeza momwe khobidi lasungikira) amene amalonda akunja amagwiritsa ntchito ndi a 1 mpaka 70, muyezo womwe William Sheldon anayambitsa ku America mu 1949. Kuyambira 60 kupita m'mwamba ndi khobidi lomwe silinayendepo m'manja. Makampani monga PCGS ndi NGC amayeza khobidi n'kulitsekera m'kabokosi ka pulasitiki, koma kutumiza ndi kulipira kumaposa mtengo wa makobidi ambiri amene tili nawo kuno. Kwa ife n'kokwanira kusiyanitsa lotha kwambiri, lotha pang'ono, longokhudzidwa pamwamba ndi losayendapo. Langizo lawo linali loti ukakayika pakati pa magiredi awiri, tenga lotsika, chifukwa wogula adzatero ndithu.

Za siliva zinali zosavuta, n'zamasamu. Makobidi oyera a ku Britain osulidwa isanafike 1920 ali ndi siliva magawo 925 pa 1,000. Kuyambira 1920 mpaka 1946 siliva ndi theka, ndipo kuyambira 1947 mulibemo, ndi mkuwa wosakaniza ndi nikelo. Hafu koloni ya ku Britain imalemera magalamu 14.14, choncho yosulidwa isanafike 1920 ili ndi siliva pafupifupi magalamu 13, pomwe ya 1930 ili ndi magalamu 7. Mtengo wa siliva amaulengeza pa aunsi ya magalamu 31.1, ndiye umagawa mtengowo ndi 31.1 n'kuchulukitsa ndi magalamu a siliva a m'khobidilo. Chomwe wapezacho ndiye mtengo wotsikitsitsa, ngakhale khobidilo litatha chotani. Makobidi oyera a tsiku ndi tsiku a chitaganya ndi a 1964 alibe siliva, kuyera kwawo kusatinamize.

Sikelo imagwiranso achinyengo. Khobidi lotha limapepuka pang'ono chabe, ndiye hafu koloni yolemera magalamu 12 ndi yokayikitsa. Siliva sagwidwa ndi maginito. Koma maginito okha si umboni, poti mkuwa ndi nikelo wosakaniza uja nayenso sagwidwa, pomwe matambala ena enieni a zaka zapambuyo pake amagwidwa chifukwa ndi chitsulo chokutidwa.

Chomwe chinatipweteka mtima ndi mulu wa makobidi otsukidwa. Ena anakwechedwa ndi phulusa, ena ndi mchenga, ena ananyikidwa m'mandimu kapena kupakidwa polishi wa zitsulo. Ndi maso amaoneka okongola. Pa galasi lokulitsa pamaoneka timizere tambirimbiri tolowera mbali imodzi, ndipo peni yamkuwa imasanduka yofiirira mwachilendo. Wogula wodziwa amatsitsa mtengo nthawi yomweyo, kapena kulikana kumene. Kuda kwachibadwa kwa mkuwa wakale sikulakwika, n'komwe osonkhanitsa amafuna. Ngati pali dothi, anati tinyike khobidi m'madzi a batire ogula m'botolo (madzi okhaokha aja, osati asidi), osatikita, kenako tiliumitse poligunditsa pa nsalu yofewa.

Kusunga nakonso kuli ndi misampha yake. Timatumba ta pulasitiki yofewa timatulutsa zonanda zobiriwira zomwe zimadya khobidi. Ufa wobiriwira pa mkuwa ndi matenda oyamba ndi chinyezi, ndipo khobidi lotere lichotsedwe pakati pa anzake. Iwo amaika lililonse m'kakatoni ka masentimita asanu mbali zonse kokhala ndi zenera, n'kuphwatalitsa mawaya a sitepula ndi pulayala kuti asakande loyandikana nalo. M'bokosi amaponyamo timapaketi toyamwa chinyezi tija timabwera m'makatoni a nsapato, makamaka nyengo ya dzinja.

Pofufuza mitengo amayang'ana pa Numista, tsamba la pa intaneti la makobidi, kuti adziwe kulemera, kukula ndi chiwerengero chomwe chinasulidwa, kenako pa eBay, msika wa pa intaneti, amaona makobidi amene anagulidwa kale, osati mitengo yomwe ogulitsa akungotchula.

Tinagwirizana kuti iwo adzabwere ku Lilongwe mvula ikatha. Pofika tsikulo membala aliyense akhale atalemba makobidi ake m'kope: dziko, chaka, kulemera, giredi yomwe akuganiza, komanso ngati linatsukidwapo. Sikelo ndi galasi adzabwera nazo okha, ife tipeze nyali ndi nsalu.