Chibaba Chikandigwira Ndimavala Nsapato

Munthu ukasiya mowa, chinthu choyamba kukuchulukira ndi nthawi. Kuyambira poweruka kuntchito mpaka pokagona pamakhala maola ambirimbiri amene kale ankathera kumowa, ndipo tsopano alibe ntchito. Kwa ine nthawi yoopsa inkayamba cha m'ma 5 koloko madzulo. Dzuwa likangopendeka kukhosi kunkauma, manja osakhazikika, mtima n'kumangoti, "Limodzi lokha basi." Anzanga amene anasiya fodya, chamba kapena mankhwala ena ozunguza bongo amanenanso zomwezi, kungoti aliyense ali ndi ola lake.

Amene anandiuza chochita ndi ola limeneli ndi bambo ena achikulire a m'gulu lathu la anthu osiya mowa. Anati, "Achimwene, chibaba musamakangane nacho muli chikhalire, chidzakugwetsani. Chikabwera valani nsapato mutuluke, muyende ndawala mpaka thukuta lituluke. Zokambirana nacho mukazione pobwerera." Ndinkanyamuka mutu wonse uli kubotolo. Koma ndikafika poti wefuwefu, malaya atamatirira kumsana, maganizo ankasamukira kumiyendo ndi kumpweya. Pofika pakhomo chibaba chinkakhala chitaphwa. Sichinkatheratu ayi, koma chinkatsika mokwanira kuti ndisambe, ndidye, ndigone.

Chibaba chili ngati mvula yamkuntho: imabwera ndi ukali, imafika pachimake, kenako imakata. Alan Marlatt, katswiri wa za maganizo wa ku University of Washington, ankaphunzitsa anthu osiya mowa ndi mankhwala kuti asamachigonjere komanso asamalimbane nacho, azingochipirira mpaka chidutse. Kupirira uli pampando, maso ali pakhoma, n'kowawa kwambiri. Kupirira ukuyenda n'kotheka. Mu 2007 Adrian Taylor wa ku England ndi anzake anaunika kafukufuku wosiyanasiyana wa anthu osuta fodya, ndipo anapeza kuti ngakhale mphindi zochepa chabe zoyenda ndawala kapena kupalasa njinga zimachepetsa chibaba kwa kanthawi. Kanthawi kameneko ndi kamene munthu umafuna kuti uwoloke usiku umodzi.

Komabe chimene chinandisautsa kuposa chibaba ndi kusakoma kwa zinthu. Nkhani imeneyi anthu saikamba mokwanira. Achibale amayembekezera kuti poti wasiya mowa uzioneka wansangala, pomwe iwe mkatimu muli zii. Nyimbo zimene unkazikonda zimangokhala phokoso. Ana akamaseka umadziwa kuti uyenera kusangalala, koma chisangalalocho sichifika. Anthu ambiri amayambiranso kumwa panthawi imeneyi, ndipo ine sindiwaweruza ngakhale pang'ono.

Chifukwa chake chili mu ubongo. Mowa, fodya ndi mankhwala monga cocaine zimachititsa ubongo kutulutsa dopamine, mankhwala achilengedwe okhudzana ndi kumva kukoma, wambiri kuposa amene umatulutsa munthu akadya kapena akacheza ndi okondedwa ake. Zikachitika mobwerezabwereza, ubongo umadziteteza pochepetsa timalo tolandirira dopamine. Ndiye ukasiya, zinthu wamba sizikhalanso ndi mphamvu yokusangalatsa. Nora Volkow, amene mu 2003 anakhala mkulu wa NIDA, bungwe la ku America lofufuza za mankhwala ozunguza bongo, anaonetsa zimenezi pojambula ubongo wa anthu ogwiritsa ntchito mankhwala ozunguza bongo. Iye ndi anzake anapezanso mu 2001 kuti mwa anthu amene anasiya mankhwala otchedwa methamphetamine, mbali ina ya zowonongekazo inali itabwerera mwakale patatha chaka ndi miyezi ingapo. Nditamva zimenezi ndinalimba mtima. Ubongo umachira, kungoti suchira mwachangu, ndipo pamafunika chokugwiriziza podikira.

Kwa ine chogwiriziza chinali thukuta. Thupi likagwira ntchito yolimba limatulutsa mankhwala akeake okhazika mtima pansi. Ambiri anamvapo za endorphin. Palinso anandamide, amene anatulukiridwa mu 1992 ndi gulu la Raphael Mechoulam ku Jerusalem: amalowa m'malo omwewo a mu ubongo amene mphamvu ya chamba imalowa, ndipo amachuluka m'magazi munthu akathamanga kwa kanthawi ndithu. Musayembekezere kuti zikufikitsani pamene mowa unkakufikitsani. Chimene chimabwera ndi kamtendere kakang'ono, mapewa kumasuka, mutu kupepuka. Ndimakumbukira tsiku lina nditakhala pansi n'kumamasula zingwe za nsapato, miyendo ikunjenjemera ndi kutopa, madzi ozizira akutsika kukhosi, ndinangozindikira kuti ndikumva kukoma. Kanali koyamba chisiyireni mowa. Ngakhale makoswe amaonetsa zofananazo: pa kafukufuku wa mu 2002 ku University of Minnesota, makoswe amene anawaikira gudumu lothamangiramo ankachepetsa cocaine amene ankadzipatsa okha.

Tulo natonso tinabwerera. Amene anazolowera kugona ataledzera amadziwa mmene usiku umatalikira akasiya, ndipo munthu wosagona sachedwa kupsa mtima n'kukumbuka botolo. Thupi lotopa ndi ntchito limagona msanga.

Ndikufuna ndinene mosabisa kuti masewera olimbitsa thupi si mankhwala ochiza uchidakwa. Bungwe la Cochrane, limene limasonkhanitsa ndi kuunika kafukufuku wa zaumoyo, litaunika mu 2019 kafukufuku wa anthu osiya fodya, silinapeze umboni woti kuwonjezera masewerawa pa chithandizo china kumachulukitsa anthu amene amasiyiratu. Amathandiza ola lovuta, tulo ndi mtima, koma zimene zinakufikitsa kubotolo, kaya ndi chisoni, nkhawa kapena mabala a ubwana, zimafunabe uphungu ndi anthu okumvetsera. Ndipo amene wakhala akumwa kwambiri tsiku ndi tsiku asayambe ndi kuthamanga, ayambe ndi kuchipatala. Kusiya mowa mwadzidzidzi kungachititse munthu kugwa ngati wakhunyu m'masiku awiri oyambirira, ndipo pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu ena amayamba kubwebweta, kuona zilubwelubwe, mtima ukuthamanga kwambiri. Zimenezi zimapha. Chimodzimodzinso amene akulandira methadone kapena buprenorphine posiya heroin: asasiye mankhwala awo chifukwa choti ayamba kupita ku jimu.

Dokotala akakulolani, yambani pang'ono. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalimbikitsa akuluakulu kuchita masewera olimbitsa thupi kwa mphindi 150 mpaka 300 pa mlungu, komanso olimbitsa minofu masiku awiri. Mphindi 30 kwa masiku 5 zakwana kale 150. Koma kwa munthu amene thupi lafooka ndi zaka za mowa, mphindi 10 n'chiyambi chabwino. Ine ndimaona kuti nthawi yochitira ndiyo yofunika kuposa kuchuluka kwake. Ikani masewerawo pa ola lenileni limene munkamwera.

Mbali imene ndimaikonda koposa ndi ya anthu. Ukasiya mowa umataya anzako ambiri nthawi imodzi, chifukwa chimene chinkakulumikizani chachoka. Kusungulumwa kumeneko n'koopsa. Scott Strode, amene nayenso anasiya mowa ndi cocaine, anayambitsa gulu lotchedwa The Phoenix ku Colorado mu 2006. Anthu amakwera mapiri, kupalasa njinga ndi kunyamula zitsulo limodzi, ndipo salipira ndalama. Chimene amafunsidwa n'chakuti akhale atatha maola 48 osamwa kapena kugwiritsa ntchito mankhwala. Nzeru imeneyi imandigwira mtima, chifukwa munthu amalandiridwa ali pachiyambi penipeni, asanakhale ndi chodzitamandira. Ine ndilibe gulu lalikulu chotero. Ndili ndi mnzanga mmodzi amene amandidikira panjira, ndipo kudziwa kuti akudikira kwandidzutsa masiku ambiri amene ndikanakhala pansi. Tikamayenda sitiyang'anizana, maso amakhala kutsogolo, ndipo mwina n'chifukwa chake zinthu zovuta kunena zimatuluka mosavuta.

Sankhani bwino anthuwo. Pali matimu a mpira amene masewera akatha onse amathera kumowa, ndipo kumeneko munthu wongosiya kumene sangalimbe.

Konzekeraninso tsiku limene simudzatha kutuluka. Bondo limatupa, chimfine chimagwira, ntchito imachedwetsa. Ndaonapo anzathu amene anaika moyo wawo wonse pa kuthamanga, kuwonjezera mtunda mlungu uliwonse, osapuma ngakhale akumva ululu, ndipo atavulala analibe pena pogwira. Bondo langa litandigoneka, ndinkatambasula thupi pamphasa, n'kumanyamula tizitsulo ndili chikhalire, ndipo 5 koloko ikakwana ndinkaimbira foni bambo aja a m'gulu lathu. Ankandifunsa kuti, "Achimwene, chafika pati lero?" Ndinkawauza zoona, ndipo tinkacheza mpaka chitatsika.