Dola ya tomato

Kuno ku Mabvuku, mu mzinda wa Harare ku Zimbabwe, ukangodziwika kuti uli ndi dzanja labwino polemba, wadziputira ntchito zosatha. Ine ndine mlembi wa sosaite yathu ya maliro, ija anayambitsa madala athu a ku Dedza ndi ku Ntcheu amene anabwera nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, pakati pa 1953 ndi 1963, kudzagwira ntchito m'mayadi a ku Highlands ndi Greendale komanso kufakitale ya simenti. Choncho komiti ya makolo pasukulu ya pulaimale ya ana athu itamva kuti bungwe lina likupereka mabuku ndi kandalama ka mashelefu, panalibe zovota. Onse anangotembenuka n'kuyang'ana ine.

Ndinayamba ndi kukaona laibulale yeniyeni. Ndinakwera kombi mpaka Fourth Street, n'kuponda wapansi mpaka Rotten Row, ku Harare City Library, yomwe inayamba kalekale mu 1902. Kumeneko ndinamva kuti Doris Lessing, wolemba mabuku uja anakulira m'dziko muno n'kumwalira mu 2013, anasiyira laibulaleyi mabuku ake oposa 3,000. Mayi mmodzi! Ife sukulu yonse tinali ndi katoni imodzi, ndipo chiswe chinali chitawerenga kale theka lake. Ndinamvanso za Book Aid International ya ku Britain yomwe imatumiza mabuku atsopano kuno, ndi za ku Nkayi komwe mabuku amayendera pangolo za abulu. Nditakafotokoza zimenezi kukomiti, a tcheya anamenya tebulo.

"Abulu a ku Nkayi ali ndi laibulale, ife a mu Harare tikhale opanda? Alembi, lembani!"

Fomu yake sinali yamasewera. Inkafuna chipinda chokhoma, munthu wochiyang'anira, kalata ya a hedi yokhala ndi chidindo, makoteshoni atatu a akalipentala, kaundula wa obwereka mabuku, ndi umboni woti anthu a m'dera nawonso aperekapo kena kake. Pa mzere wa ziyankhulo ndinalemba Chichewa ndi zilembo zikuluzikulu, poti malamulo a dziko lino a 2013 anachiika pa ziyankhulo 16 zovomerezeka, ngakhale kuti buku la Chichewa m'sitolo za m'tauni limasowa ngati madzi a pampopi ku Mabvuku.

Yankho linabwera loti atumiza munthu Lachinayi kudzaona malo. Dzina sanatchule.

Chipinda chinalipo, chomwe munkasungidwa makasu, madesiki othyoka ndi matumba a chimanga cha a hedi. Tinatulutsa zonse, tinakolopa, tinasanja matabwa panjerwa. Mabuku tinatolera khomo ndi khomo: Mabaibulo, mabuku a nyimbo za kutchalitchi, madairekitale a foni akalekale, ndi chibuku china chofotokoza kakonzedwe ka thirakitala chomwe nkhalamba ina inachokera nacho kupulazi ku Mazowe. Ukaima patali, maso utatsinzina pang'ono, inali laibulale ndithu.

Chinatsala ndi kaundula. Ameneyu ndinamulemba usiku pakandulo, magetsi atazima, ndi mabolopeni a mitundu itatu kuti zioneke zakale. Mayina ndinakopera m'buku lathu la sosaite. Munthu ukakhala ndi mayina mazana okonzeka kale, okhala ndi manambala a nyumba omwe, ungavutikirenji?

Lachinayi m'mawa owerenga anafika: azigogo a sosaite, ena atavala yunifolomu ya chigwirizano cha amayi, aliyense ndi Baibulo pamiyendo. Koma fomu inkanenetsa za achinyamata, ndipo achinyamata a kwathu anali atapita kukasaka ganyu m'tauni. Ndili pageti kudandaula, ndinaona mtsikana akutsika kombi. Jinzi, matenisi, kachikwama kakumsana, fumbi mpaka m'maondo. Anafunsa m'Chishona ngati a hedi alipo. A hedi anali atathamangira ku ofesi ya maphunziro.

"Za a hedi zisiye kaye, mwanawe," ndinatero m'Chishona chomwecho. "Ukufuna dola?"

Anandiyang'ana kanthawi, nati dola palibe amaikana.

Ndinatulutsa dola yomwe amayi akunyumba anandipatsa m'mawa kuti ndikagule tomato ndi anyezi pobwerera. Ndinamukhazika pawindo, pamalo owala bwino, n'kumupatsa buku la thirakitala. Ndinamuphunzitsa zoti anene: amabwera tsiku lililonse, laibulale yasintha moyo wake, akufuna kudzakhala dokotala. Anabwereza mawu onse osaphonya. Ndinauza a tcheya m'Chichewa, iye ali pompo, kuti mwanayu nkhope yake njooneka yosauka bwino, azungu amakonda zoterezi pazithunzi.

Cha m'ma 11 koloko galimoto yoyera inaima pageti. Munatuluka bambo wa suti yakuda, tayi yakuda, nsapato zonyezimira, bulifikesi m'manja. Nthungululu zinamveka mpaka ku Tafara. Tinamulandira bulifikesi, tinamukhazika pampando wa a hedi, tinamuikira mpunga, nkhuku yathunthu ndi chakumwa cha Mazoe. Munthuyo sanadabwe n'komwe. Anasamba m'manja n'kuyamba ntchafu. Anatipatsanso moni m'Chichewa chosweka cha kupulazi, azigogo mpaka kuwomba m'manja.

Ndinawerenga mawu anga olandira mlendo, masamba awiri. Atatsuka pakamwa anafunsa:

"Opitirira zaka 65 muli nawo angati pano?"

"Ambiri, bwana. Onsewa akudikira inu."

"Zosangalatsa. Ambiri amachedwa kukonzekera."

"Ife takonzeka kale, bwana. Malo talambula, angotsala mabokosi. Afika liti?"

"Tsiku lomwelo mukatiimbira foni. Ngakhale usiku."

Ndinayang'ana a tcheya, a tcheya anayang'ana ine. Bungwe lachangu chotere sitinalionepo.

"Ndiye mutipatsa angati?"

"Aliyense lake. Ana aang'ono timawapatsa ang'onoang'ono, oyera."

"Aliyense bokosi lakelake!" ndinalengeza, nthungululu n'kuyambiranso.

"Tenti, mipando ndi basi timaperekanso," anapitiriza. "Ndipo amene akufuna kukagona kumudzi ku Malawi, timadutsa naye pa Nyamapanda, Tete, mpaka Dedza. Mapepala a pamalire timayendetsa tokha."

Nthungululu zinaduka pakati. Anatsegula bulifikesi n'kuyamba kugawa timapepala tonyezimira, tokhala ndi zithunzi za mabokosi a zogwirira zagolide, mitengo yake pamwezi ili m'munsi. Anati anangoona azigogo ambiri akulowa pageti limodzi, ndipo pa ntchito yake ya inshuwalansi ya maliro zimenezo sizidutsidwa.

Ndisanapeze mawu, kuwindo kunamveka mawu a mtsikana uja. Buku la thirakitala anali ataliika pambali, ali ndi kaundula wanga, akuwerenga mayina mokweza ngati mphunzitsi woitana ana. Atafika pa dzina lina, gogo wina anaimirira, Baibulo n'kugwa.

"Amenewo ndi amuna anga! Atani?"

"Anabwereka buku Lachiwiri sabata yatha, agogo. Sanabweze."

"Amuna anga tinawaika mu 2009! Alembi, si inu munalemba chipepeso? Ali moyo ankadinda ndi chala, lero ayamba kuwerenga kumandako?"

Wina anapeza mlamu wake, wina apongozi ake. Zinaoneka kuti owerenga athu akhama kwambiri onse anagona kale, ndipo mmodzi, yemwe mtembo wake tinauperekeza tokha mpaka ku Ntcheu, anabwereka buku la thirakitala kawiri mwezi umodzi. Bambo wa suti anapempha kuti aone nawo kaundulayo, akuti mwina mabanjawo angafune chithandizo.

Apa m'pamene a hedi analowa thukuta lili kamukamu. Anadutsa wa suti osamuyang'ana, n'kulunjika pawindo manja onse awiri ali patsogolo.

"Pepani madamu, ndachedwa. Akulandirani bwino?"

Mtsikana uja anayankha m'Chichewa chosalala, cha kunyanja, chomwe pambuyo pake tinamva kuti anayamwira kwa agogo ake a ku Nkhotakota.

"Andilandira bwino kwambiri, a hedi. Andilembanso ntchito. Ndipo akuti nkhope yanga njosauka bwino."

Mpaka lero ndimati mlandu ndi wa jinzi. Bungwe lodzilemekeza lingatumize bwanji munthu pakombi, wopanda ngakhale bulifikesi? A tcheya, omwe anagwedezera mutu za nkhope zija, mwadzidzidzi anayamba kuwerenga dairekitale ya foni mwachidwi.

Nkhuku inali itatsala khosi ndi mapazi. Madamu anadya mpunga ndi msuzi, kenako anagwira ntchito yawo. Anayeza chipinda, anagwedeza loko, anayang'ana denga ngati likudontha, anaitana ana a giredi 5 n'kuwawerengetsa mmodzimmodzi. Anafunsa azigogo ngati angamabwere masana kudzakamba nthano kwa ana, azigogo n'kuyamba kukanganirana masiku. Kaundula anati ndikamusunge kutali, ndiyambe wina wa anthu opuma.

Patapita miyezi mabuku anafika, makatoni enieni, ndi ndalama ya mashelefu. A Chichewa munalibe, anati akufunafunabe. Wa suti uja tsiku lomwelo analembetsa azigogo asanu ndi awiri, omwe anasiya kusonkha kusosaite kwathu, ndipo nkhani imeneyi imabwera pa msonkhano uliwonse pansi pa mutu wa zina ndi zina.

M'katoni yoyamba munali envelopu ya dzina langa. M'kati munali lisiti yachidindo: chopereka cha anthu a m'dera, dola imodzi, yalandiridwa ndi kuthokoza. Ndinapita nayo kunyumba n'kuionetsa kwa amayi, poti nkhani ya tomato inali isanazizire chiyambire tsiku lija anadya ndiwo zotuwa.

Anaiwerenga mbali zonse ziwiri.

"Chabwino, bambo," anatero. "Muikazinge ndi anyezi."