Loweruka la makoko ataliatali

Ndinadzuka kusanache chifukwa nkhani ya sabata yatha inali ikundivutabe m'mutu. Pa zipolopolo 20 za .308 Winchester zimene ndinapita nazo ku bwalo loyesererako kuwombera, zitatu zinakana kulowa bwino, moti bawuti, chitsulo chimene chimatsekera chipolopolo mkati mwa mfuti, inafuna mphamvu kuti itsekeke, ndipo chimodzi chimene ndinachikakamiza chinakagwera kutali ndi zinzake pa chandamale. Zina ziwirizo ndinabwera nazo kunyumba osaziwomba. Munthu amene amadzipangira yekha zipolopolo alibe wina womuloza chala, choncho nditangomwa tiyi ndinalowa m'galaja, kuzizira kwa Ogasiti wa kuno ku Johannesburg kukuluma zala, n'kutulutsa makoko onse a mkuwa, momwe mumakhala wonga wa chipolopolo, amene ndawagwiritsa ntchito kanayi tsopano.

Mphwanga, mwana wa mlongo wanga amene anabwera kuchokera ku Zomba chaka chatha, anandipeza ndagwira vernier, chipangizo choyezera utali mwa ndendende. Anafunsa kuti, "Malume, kodi chitsulo chimakula ngati mwana?" Ndinamuuza kuti mkuwa umatero ndithu. Wonga ukapsa, khoko limafufuma mpaka kukhudza makoma a chipinda chimene chipolopolo chimakhalamo, ndipo pamene tikulikanikiza mu chikombole chachitsulo chotchedwa die kuti libwerere mu msinkhu wake, mkuwa umene wafinyidwa m'mbali ulibe kwina kopita koma kutsogolo, kukhosi. Motero khoko limatalika pang'onopang'ono ulendo uliwonse. Khoko la .308 siliyenera kupitirira inchi 2.015, omwe ndi mamilimita 51.18, ndipo mabuku amalangiza kulidula kufika pa 2.005 kuti likhale ndi mpata wokulira. Titayeza makoko 50 aja, 17 anali atadutsa malire, ndipo lalitali kwambiri linali pa 2.022.

Kusiyana kumeneko n'kochepera makulidwe a mapepala awiri, koma ndi kumene kunalimbitsa bawuti. Mlomo wa khoko lalitali umakafika pamene chipinda chimathera n'kupanikizika pamenepo, ndipo ukapanikizika umaluma mutu wa chipolopolo mwamphamvu kuposa mmene uyenera kuchitira. Mutuwo umachedwa kumasuka, mphamvu ya wonga imakwera mkati, ndipo chipolopolo chimachoka ndi liwiro losiyana ndi la zinzake. Kuphonya chandamale ndi vuto laling'ono pa zimene zingatuluke pamenepo. Ndinachita manyazi pamaso pa mwana, chifukwa ndine ndemwe ndimamuuza kuti ntchito iyi siifuna ulesi, chikhalirecho ndinadumpha kuyeza maulendo awiri otsatizana.

Kudula kunatenga ola lathunthu. Iye ankazungulitsa chogwirira cha makina odulira, ine ndikuyezanso khoko lililonse ndi kupala mlomo wake mkati ndi kunja kuti pasatsale nsonga zimene zingakande mutu polowa. Makoko awiri ndinawataya chifukwa anaonetsa kamzere kowala pafupi ndi tsinde, chizindikiro chakuti mkuwa wapyapyala pamenepo ndipo ukhoza kuduka.

Nkhani imene ndinakhalirapo nthawi yaitali ndi ya kuzama kwa mutu m'khoko. Zaka zoyamba ndinkangoyeza chipolopolo chonse kuchokera pa tsinde kufika ku nsonga, n'kumadabwa chifukwa chimene manambala ankasiyanirana ngakhale die sindinaikhudze. Ndinadzazindikira mochedwa kuti nsonga za mitu yoboola kutsogolo, monga Sierra MatchKing yolemera 168 grain imene ndimagwiritsa ntchito, sizifanana ndendende ngakhale zichokere m'bokosi limodzi, komanso kuti nsongayo siikhudza kalikonse mu mpope wa mfuti. Chimene chimayamba kukhudza mizere yozungulira ya mkati mwa mpope ndi phewa la mutu, pamene umayambira kupindika kuloza ku nsonga, pamene anzathu amati ogive. Choncho muyeso woona ndi wochokera pa tsinde la khoko kufika pa phewalo, ndipo umatengedwa ndi kachipangizo ka comparator kamene kamamangiriridwa pa vernier. Ndikuona kuti amene akuyezabe ku nsonga akungodzitopetsa ndi manambala amene mfuti yake siiwadziwa.

Kuti ndidziwe pamene mizere ya mfuti yanga imayambira, ndinatenga khoko lopanda wonga ndi primer, kachitsulo ka pa tsinde kamene kamayatsa wonga, ndinalowetsamo mutu momasuka, ndipo ndinaukankha pang'onopang'ono mpaka unagunda. Ndinabwereza kasanu, popeza dzanja limanama, ndipo ndinalemba muyeso umene unabwera kawirikawiri. Kuchokera pamenepo ndinakonza magulu anayi a zipolopolo zisanuzisanu, otalikirana ndi mizere ndi inchi 0.020, 0.030, 0.040 ndi 0.050. Mphwanga anafunsa chifukwa chimene sindinangousiya mutu utagunda mizere, poti anamva kuti ena amatero. Ndinamuyankha kuti mutu wogunda ulibe pothamangira usanayambe kuluma mizere, motero mphamvu imakwera, ndipo amene akufuna njira imeneyo ayenera kutsitsa wonga ndi kuyambiranso pansi. Palinso choseketsa chake, chakuti ukatsegula bawuti osawomba, mutu ukhoza kutsalira mu mpope, wonga n'kukhuthukira m'mfuti monse. Kuuzamitsa kwambiri nakonso kumachepetsa malo a wonga m'khoko, choncho mbali zonse ziwiri zili ndi malire ake.

Wonga sindinausinthe. Ndi S335 wa kampani ya Somchem, wopangidwa ku Somerset West, pa mlingo umene ndinaufikira kale pokwera pang'onopang'ono kuchokera pa woyambira wa m'buku la kampaniyo, ndipo sindiulemba pano chifukwa mlingo wa mfuti yanga si wa mfuti ya munthu wina. Ndinayeza mlingo uliwonse pa sikelo, ndipo mnyamatayo ndinamuuza kuti pa gawo ili angoyang'ana, asandiyankhulitse. Lamulo la mfuti la dziko lino, la nambala 60 la chaka cha 2000, limalola mwini laisensi kudzipangira zipolopolo za mfuti yake yokhayo, ndipo ndimafuna kuti aone kuti pakhomo pano timalitsata.

Tinafika ku bwalo cha m'ma 2 koloko masana, mphepo ya Ogasiti itayamba kale kuulutsa fumbi. Gulu la 0.020 linakana kulowa m'magazini, mosungira zipolopolo m'mfuti, chifukwa linatalika kupitirira inchi 2.810, moti ndinachita kulowetsa chimodzichimodzi ndi dzanja, ndipo la 0.030 linalowa mokhula. Pa mtunda wa mamita 100, ndikudikira kuti mpope uzizire pakati pa gulu ndi gulu, la 0.020 linamwazikana mamilimita 32, la 0.030 linapereka 28, la 0.040 linasonkhana pa 19, ndipo la 0.050 linabwerera pa 26. Bawuti inatsekeka mofewa pa zipolopolo zonse 20, ndipo ma primer nditawayang'ana sanaphwatalale monga amachitira mphamvu ikapitirira muyeso.

Mphwanga anathamangira chandamale chachitatu n'kunena kuti, "Malume, mwapeza, basi ndi chimenechi." Ndinakondwa nanenso, makamaka chifukwa muyeso umenewo umalowa bwino m'magazini, koma ndinamukumbutsa kuti zipolopolo zisanu n'zochepa kwambiri kuti munthu aweruzirepo, ndiponso kuti mphepo inali italekeza pang'ono pa nthawi imene ndinkawomba gulu limenelo. N'kutheka kuti chimene tachiyamikira ndi bata la mphindi zochepa chabe.

Madzulo ano ndatsuka mpope, ndatsekera mfuti mu sefa, ndipo ndalemba zonse m'kope pamodzi ndi nthawi ndi mmene mphepo inalili. Makoko 20 a lero ndawaika m'bokosi lawo ndi kapepala kosonyeza kuti awombedwa kasanu. Loweruka likudzali ndidzakonza 10 za 0.040 ndi 10 za 0.030, ndipo tidzanyamuka 6 koloko m'mawa kuti tikawombe mphepo isanadzuke.